Mitengo ya ana a sukulu tiziiwerenga mu Okutobala

Amene anayendapo pa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata akudziwa kuti munthu ukangopitirira Chongwe, maso amayamba okha kuwerenga matumba. Ali ndandanda m'mphepete mwa phula, akuda bii, omangidwa ndi luzi kumutu, ena ataliatali kuposa kamwana kamene kasiyidwa kuti kawalonde. Pa Chinyunyu alipo, pa Rufunsa alipo, mpaka kukatsikira ku mlatho wa Luangwa. Amenewa ndi makala, omwe m'tauni timawatcha malasha, ndipo palibe wa ife amene angafunse kumene akupita, pakuti mbaula zake zili m'makomo mwathu momwe.

Kumpoto kwa msewu umenewu, munthu akapatuka ndi kulowa m'mapiri molunjika ku mtsinje wa Lunsemfwa, amafika m'dziko la Mfumu Shikabeta, mmodzi mwa mafumu a Asoli a m'boma la Rufunsa pamodzi ndi Mfumu Mpanshya ndi Mfumu Bunda Bunda. Bomali kale linali mbali ya Chongwe, ndipo linaima palokha m'nthawi ya malemu Pulezidenti Michael Sata. Ambiri a ife dzina la Shikabeta timalimva ikafika nyengo ya mwambo wao wa Nkomba Lyanga, basi. Komatu dera limeneli lili ndi chuma chimene midzi yoyandikira Lusaka inataya kale, ndicho nkhalango yachilengedwe imene idakaimabe.

M'nkhalango imeneyo muli masukulu, ndipo m'masukulumo muli ana amene akuphunzitsidwa kuti mtengo ndi moyo, pamene nsapato zimene ena a iwo avala zinagulidwa ndi mtengo womwewo utasanduka makala. Masiku ano mau akuti "ophunzira atsogolere" ali m'kamwa mwa aliyense, m'misonkhano ndi pa wailesi pomwe. Ife mwezi uno tikufuna kufunsa mosapita m'mbali: kodi mwana wa sukulu wa ku Shikabeta angatsogolere chiyani chenicheni? Nanga ife akuluakulu tiyenera kumuikira chiyani m'manja kuti utsogoleri wakewo usamathere pa tsiku limene kwabwera alendo?

Mbande zathu

Tiyambe ndi kudziulula tokha. Ife amene tikulemba nkhaniyi tinaphunzira pa sukulu ina ya kumudzi, ndipo chaka china kunabwera ngolo yodzaza ndi mbande za bulugamu, malaina ndi magwafa. Tinakumba maenje sabata yathunthu. Tsiku lobzala kunafika mlendo wolemekezeka. Tinamuimbira, tinamuvinira, iye anabzala mtengo umodzi pafupi ndi mbendera, nasamba m'manja, galimoto lake n'kutisiyira fumbi. Yotsalayo tinabzala ndife mpaka dzuwa kupendeka. Mvula inagwa bwino chaka chimenecho, kotero kuti pofika Epulo mizere yathu inali yobiriwira mokondweretsa, ndipo aphunzitsi aakulu ankaimitsa aliyense wodutsa kuti aone.

Titabwerako ku tchuthi cha Ogasiti tinapeza mbuzi zamaliza malaina ndi magwafa. Chiswe chinali chitalowerera bulugamu pansi. Kenaka tsiku lina masana anyamata osaka mbewa anayatsa tchire kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo moto unadutsa m'mizere yathu monga umadutsira m'mapesi. Pofika Okutobala inatsala mitengo itatu. Palibe amene anaitanidwa ku ofesi, palibe amene anadandaula, chifukwa mitengoyo inalibe mwini. Inali "ya sukulu," ndipo chinthu cha sukulu chimafa anthu ali chipenyere.

Chimene chinapulumutsa itatuyo tinachimvetsa titakula kale. Inali pafupi ndi nyumba ya aphunzitsi ena amene ankasunga mwana wa mlongo wao, mtsikana wa m'kalasi mwathu momwe. Palibe anamutuma. Iye anangoitchinga ndi minga, ndipo madzi otsukira mbale ankakathira pamenepo m'mawa ndi madzulo. Dzina lake silinatchulidwe pa asembule ngakhale kamodzi. Mtsogoleri wa ntchito yonse ija analitu iyeyo, koma sukulu sinamuone.

Taonani kalendala

Zimene zinatichitikira sizinali tsoka la sukulu yathu yokha ai. Vuto lake lili m'kalendala. Tsiku lobzala mitengo m'dziko lonse la Zambia ndi 15 Disembala, ndipo nyengo yake imapitirira mpaka pakati pa Januwale. Poyang'ana mvula, tsikuli linasankhidwa mwanzeru. Poyang'ana sukulu, limagwera pa tchuthi, popeza temu yachitatu imatsekedwa kumayambiriro kwa Disembala. Motero ana amabzala mothamanga asanatseke, kapena amabzala mu Januwale akatsegulira, ndipo kuchokera apo mvula ndiyo imalera mbande mpaka Malichi kapena Epulo. Apa aliyense amaoneka katswiri.

Mayeso a mtengo amayamba mvula ikatha. Patsogolo pake pali miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri yopanda dontho. Mu Ogasiti ziweto zimakhala zitamasulidwa chifukwa anthu anakolola kale, mphepo ili pa liwiro, udzu wauma gwa, ndipo ana ali pa tchuthi. Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi ya dzuwa loswa mtengo, makamaka kumunsi kwa mapiri monga ku chigwa cha Lunsemfwa. Ndipo nthawi yomweyo ana aakulu, amene kawirikawiri ndiwo amapatsidwa maudindo, mitu yao ili m'mabuku kukonzekera mayeso a kumapeto kwa chaka. Ndiye kuti pamene kamtengo kakufunitsitsa munthu, atsogoleri ake kulibe kapena atanganidwa.

N'chifukwa chake lipoti lonena kuti "chaka chino tabzala mitengo yakutiyakuti" ife silitiuza kanthu. Kwa zaka zambiri a zankhalango akhala akunena kuti Zambia imataya mahekitala a nkhalango pakati pa 250,000 ndi 300,000 chaka chilichonse. Dzenje lalikulu chotere silingakwiriridwe ndi mbande zimene zimawerengedwa mu Disembala ndi kuiwalika mu Meyi. Chiwerengero chopatsa ulemu ndi cha mu Okutobala, mvula yoyamba isanagwe.

Khasu lasanduka chikwapu

Pali chinthu china chimene timachita manyazi kuchitchula. Chikwapu chinaletsedwa m'masukulu a Zambia mu 2003, ndipo ife tikuti zinachita bwino. Koma m'masukulu ambiri malo ake analowa khasu ndi chikwakwa. Wachedwa? Katchetche udzu. Walongolola m'kalasi? Katunge ndowa zisanu ukathirire maluwa. Sunalembe ntchito ya kunyumba? Kakumbe dzenje la zinyalala lofika m'chiuno. Mwana ndi wochenjera, phunziro lake amalimva msanga: kugwira dothi ndi ntchito ya olakwa, ndipo mtsogoleri ndi uja waima pamthunzi, manja oyera, akulemba maina.

Tsono mwana ameneyu mudzamuuza bwanji Lachisanu masana kuti kuthirira mtengo ndi kutumikira mudzi? Sabata yonse mwamuphunzitsa kuti ndi chilango. Tikadakhala ndi mphamvu, lamulo loyamba la sukulu iliyonse yofuna kusamala malo ake likadakhala ili: ntchito ya m'munda, ya mitengo ndi ya pa chitsime isaperekedwenso ngati chilango. Olakwa apezeredwe njira ina. Ndipo pulifekiti amene sagwira ndowa asayang'anire ogwira ndowa.

Tionjezepo mau amodzi okhudza atsikana. Pa ntchito ya mitengo, chovuta kwambiri ndi madzi, ndipo mwa chizolowezi chathu madzi amasenza ndi atsikana. Koma ikafika nthawi yosankha wapampando, kapena woti akalankhule pamaso pa alendo, manja amaloza mnyamata wa mau aakulu. Makolo, izi sizichokera ku sukulu ai, zimachokera kwathu.

Bongololo ndi chipembere

Sitikunena kuti palibe chimene chachitika. Zambia ili ndi mbiri yonyaditsa pa nkhani yophunzitsa ana za chilengedwe. Bungwe la Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia, limene mizu yake ili m'chaka cha 1953, linayambitsa makalabu a Chongololo mu 1972 kuti afikire ana a masukulu a pulaimale, ndipo a kusekondale anapatsidwa makalabu a Chipembele. Kuyambira mu 1978 kunabweranso pulogalamu ya pa wailesi yotchedwa Chongololo Club of the Air. Ambiri a ife amene lero tili ndi imvi tinadziwa kusiyanitsa mbalame ndi mapazi a nyama chifukwa cha makalabu amenewa.

Maina ake ngoganizitsa. Chongololo ndi bongololo, kanthu konyozeka koyenda pang'onopang'ono, koma miyendo yake yonse imagwirizana. Chipembele ndi chipembere, chimene chinali chochuluka m'chigwa cha Luangwa, koma opha nyama mozemba anachimaliza mpaka mu 1998 chinalengezedwa kuti chatha m'Zambia. Mu 2003 ndi pamene zipembere zina zinatengedwa ku South Africa kudzaikidwa ku North Luangwa. Chinthu chimene makolo athu ankachiona ngati sichingathe, tinachita kukachipempha kwa eni ake ena. Mwana wa ku Shikabeta amene akuyang'ana mapiri odzaza mitengo ayenera kuimva nkhani imeneyi.

Koma makalabu ali ndi nthenda imodzi imene tonse tinaiona. Kawirikawiri kalabu imakhala mumtima mwa mphunzitsi mmodzi wachangu. Iye ndiye amasunga kaundula, ndiye amadziwa kumene kuli makeni othirira, ndiye amaitanitsa msonkhano. Akangosamutsidwa, kalabu imafa sabata yomweyo. Ku masukulu akutali ndi phula vutoli limakula, pakuti aphunzitsi ambiri amakhala akuyembekeza tsiku losamukira kufupi ndi tauni, ndipo sitingawadzudzule. Amene sasamuka ndi ana. Midzi yao ili pomwepo, manda a agogo ao ali pomwepo. Nanga bwanji kaundula amasungidwa ndi wapaulendo, osati mwini mudzi?

Wina adzati ana sangathe. Amene akutero akumbuke Thandiwe Chama wa ku Lusaka. Mu 1999, ali ndi zaka 8, sukulu yake inatsekedwa chifukwa chosowa aphunzitsi. Iye sanakhale pansi. Anatsogolera anzake 60, nayenda nao kukapempha malo pa sukulu ina, ndipo analandiridwa. Mu 2007, ali ndi zaka 16, anapatsidwa mphoto ya International Children's Peace Prize. Palibe amene anamuveka baji kuti akhale mtsogoleri. Chinthucho chinali chake, chinamupweteka, ndipo anaima.

Nkhalango ili pansi

Tsopano tifike pa chimene tikuganiza kuti ndiye ntchito yoyenera ana a ku Shikabeta ndi madera ofanana nako. Kumeneko sikufunika nazale yaikulu ai. Mitengo ya m'nkhalango zathu, monga mombo ndi mtondo, ili ndi khalidwe limene bulugamu wa m'chubu sangapikisane nalo pa chilimwe: ikadulidwa siifa. Mizu yake inapita pansi kalekale, ndipo chitsa chimaphukanso chokha popanda woithirira. Chimene chimapha mphukirazo ndi moto wa mochedwa, mbuzi, ndi nkhwangwa yobwera msanga.

Zimenezi zinayesedwa m'dziko mwathu momwe muno. Mu 1933 a zankhalango anagawa tchire lina pafupi ndi Ndola m'zigawo. Zina ankazitentha msanga, udzu usanaumitse. Zina ankazitentha mochedwa, chilimwe chitafika pachimake. Zina sankazitentha konse. Katswiri wina, Colin Trapnell, analemba zotsatira zake mu 1959. Kumene ankatentha mochedwa chaka ndi chaka, mitengo ikuluikulu ya mombo inatha ndipo kunatsala udzu ndi mitengo yochepa yopirira moto. Kumene ankatentha msanga nkhalango inakhalabe, ndipo kumene sankatentha inachita kuthithikana. Agogo athu amene ankatentha tchire nyengo yozizira sanawerenge lipoti limeneli, koma ankalidziwa.

Kutali ndi kuno, m'dziko louma la Niger, munthu wina wa ku Australia dzina lake Tony Rinaudo anatha zaka akubzala mbande zomwe zinkangofa. Mu 1983 anazindikira kuti tizitsamba timene alimi ankadula m'minda tinali mphukira za zitsa zamoyo. Anayamba kulangiza alimi kuti pa chitsa chilichonse asankhe mphukira zochepa zamphamvu, adule zinazo, ndi kuteteza zosankhidwazo. Njirayo inafalikira kuchokera kwa mlimi kupita kwa mnzake, ndipo mitengo inabwerera pa malo okwana mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Chida chake chachikulu chinali mpeni wa m'thumba.

Taganizani tsono. Anduna ndi nyakwawa za m'dera atapatula kachigawo ka tchire koyandikana ndi sukulu, hekitala imodzi kapena ziwiri, makamaka pamene panadulidwa kale, n'kulengeza pa bwalo kuti malo awa ndi a ana a sukulu. Ana asankhe okha komiti yao mwa kuponya mavoti, osati mwa kuloza chala kwa aphunzitsi. Mu Meyi ndi Juni alambule njira yotchinga moto kuzungulira malowo. Kutentha msanga m'mbali mwake kukhale kwa akuluakulu, pakuti moto si choseweretsa ana, koma tsiku lake alipemphe ndi anawo. Azisankha mphukira, azidulira. Pa tchuthi cha Ogasiti agawane masiku molingana ndi midzi imene ili pafupi, ndipo mwini mbuzi zolowa m'malowo akaonekere kwa nyakwawa monga amachitira akalowetsa ziweto m'munda wa munthu wamkulu. Mlandu wa ana ukaweruzidwa pa bwalo kamodzi kokha, mudzi wonse udzadziwa kuti nkhaniyi si yamasewera.

Mitengo yobzala isaiwalike, koma ikhale yochepa ndipo uliwonse ukhale ndi mwini dzina lake lolembedwa. Mango, magwafa ndi mandimu zikhale pafupi ndi chitsime, pamene madzi otayika amayenderera. M'munda wa sukulu muikidwe msangu, mtengo wodabwitsa uja umene umayoyola masamba nthawi ya mvula ndi kuphuka m'chilimwe, kotero kuti suphimba chimanga koma umachithirira manyowa. Alangizi a ulimi amati ubzalidwe motalikirana mamita 10. Mitengo makumi awiri yamoyo iposa mazana asanu ya m'lipoti.

Pamwamba pa zonsezi pakhale buku. Likhale buku wamba lachikuto cholimba, losungidwa ndi mlembi wa komiti ya ana, ndipo aphunzitsi azingolipempha kuti aone. M'menemo mulembedwe mtengo uliwonse, tsiku limene moto unaopseza, amene anabwera pa tchuthi ndi amene sanabwere, ndiponso ndalama. Inde, ndalama, chifukwa tchire losungidwa limabereka: masuku, bowa, nkhuni za nthambi zodulira, ndi uchi ngati apachika ming'oma. Apa ndi pamene ife akuluakulu timagwa. Ntchito timapereka mosavuta, koma botolo la uchi likagulidwa, ndalama zake zimalowa m'thumba "la sukulu" ndipo ana samvanso za izo. Kaya ndi makwacha ochepa chotani, komiti ya ana ndiyo inene ngati agula mpira, choko kapena mankhwala a agogo ena osowa wowasamala. Adzalakwitsa, zoona. Ifenso m'makomiti athu timalakwitsa, ndipo palibe amatilanda buku.

Mtengo woimirira uli ndi mtengo wake

Pali chifukwa china chimene buku limeneli lili lofunika ku Shikabeta kuposa kwina. Lamulo la nkhalango la 2015 linatsegula njira yoti anthu a m'midzi aziyang'anira okha nkhalango zao mogwirizana ndi boma. Ndipo kampani ya BioCarbon Partners, imene inayamba mu 2012 ndi ntchito yoteteza nkhalango ku Rufunsa komweko pafupi ndi paki ya Lower Zambezi, inakhazikitsa pambuyo pake ntchito yaikulu ya Luangwa Community Forests Project. Malo ake ndi pafupifupi mahekitala miliyoni imodzi, ndipo mwa mafumu amene analowamo muli Shikabeta, Mpanshya, Bunda Bunda, Nyalugwe, Luembe ndi Nsefu.

Malonda ake amayenda motere. Mtengo ukamakula umamwa mpweya wa kaboni, womwe ukachuluka mumlengalenga umatenthetsa dziko, n'kuusunga m'thunthu, m'nthambi ndi m'mizu. Ukaotchedwa mpweyawo umabwerera kumwamba. Makampani a maiko akunja amene amatulutsa utsi wambiri amalipira kuti nkhalango isadulidwe, ndipo gawo la ndalamazo limafika kwa anthu kudzera m'makomiti a m'madera a mafumu, kumene limagwira ntchito monga kukumba zitsime ndi kumanga zipinda zophunziriramo. Pa dziko lonse lapansi anthu amakangana za malonda otere. Ena amafunsa ngati kaboniyo amawerengedwa moona, ena amafunsa ngati gawo lofika kumudzi lili lokwanira. Ife pano sitikuweruza mlanduwo. Tikungofunsa kuti: pa msonkhano wa pansi pa mtengo, ndani m'mudzi angaimirire ndi kufunsa funso lolunjika?

Oyeza kaboni amayamba ndi chinthu chimene mwana wa pulaimale angathe. Amazunguliza tepi pa thunthu la mtengo pa msinkhu wa mita 1.3 kuchokera pansi, nalemba. Ana amene ayeza mitengo ya m'tchire lao ndi chingwe ndi rula chaka ndi chaka, naona manambala akukwera m'buku, sadzaona nkhani ya kaboni ngati matsenga a anthu obwera pa galimoto. Ndipo mtsikana amene ali ndi zaka 13 anawerengera anzake ndalama za uchi poyera, akadzafika zaka 25 sadzaopa kufunsa mwaulemu kuti, "Pepani akuluakulu, zinalowa zingati, ndipo zatsala zingati?" Komiti ya mawa ya nkhalango ya Shikabeta lero ili m'kalasi.

Mwana wa wootcha makala

Tabwereranso ku matumba aja a m'mbali mwa msewu, chifukwa ndi pamene pali bala. Mu 2024 mvula inadula pakati, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi chinapserera. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi anayamba kuzima pafupifupi tsiku lonse, ndipo m'tauni ngakhale eni masitovu anatulutsa mbaula. Kumudzi nkhokwe zinali mbee, m'tauni makala anali pa mtengo. Bambo wa ana asanu akadachita chiyani?

Sukulu za boma zakhala zaulere kuyambira Januwale 2022, koma yunifolomu, makope, sopo ndi ufa sizaulere. Tsono m'kalabu ya zachilengedwe mumakhala mwana amene masana akuimba zoti tisadule mitengo, ndipo Loweruka akuthandiza bambo ake kukwirira uvuni. Tikuchonderera aphunzitsi ndi onse obwera ndi maphunziro kumidzi: mwana ameneyu musamusandutse kazitape wa makolo ake, ndipo musamuchititse manyazi pamaso pa anzake. Mukatero mudzamutaya iye pamodzi ndi banja lake lonse. Komanso iyeyu ndiye amadziwa mitengo kuposa onse m'kalasimo, dzina lake, kulimba kwake, ndi umene umaphukanso msanga. Ameneyu ngoyenera kukhala m'komiti.

Chimene mwana angapite nacho kunyumba si chiweruzo koma nzeru zing'onozing'ono zimene bambo angazilandire osataya ulemu. Uvuni wa dothi umadya nkhuni zolemera kangapo kuposa makala amene umatulutsa, ndipo nkhuni zoyamba zaumitsidwa zimatulutsa makala ambiri kuposa zaziwisi, ndiye kuti mitengo yodulidwa ingachepe thumba lili lomwelo. Chitsa chisaotchedwe. Msuku ndi mitengo ina ya zipatso isiyidwe. M'mphepete mwa mtsinje musalowe nkhwangwa. Ndipo mwana woleredwa bwino amadziwa kolowera. Sanena kuti, "Aphunzitsi akuti mukulakwa." Amadikira nthawi yopuma, nati, "Atate, chitsa ichi mundisiyire ine, ndikufuna ndione ngati chidzachite monga za kusukulu." Kapena amadzera kwa agogo, kapena kwa atsibweni, amene mau ao amalemera pabanja. Bambo ambiri sangakanize mwana wao chitsa.

Ife a m'tauni, amene timaimitsa galimoto pa Rufunsa ndi kunenerera mtengo wa thumba, tisathamangire kuwerenga nkhaniyi ngati ya anthu ena. Ana athu a ku Matero ndi ku Chilenje nao ali ndi makalabu, ndipo funso loyenera komiti yao ndi la mbaula ya m'khitchini mwathu: imadya matumba angati pa mwezi, ndipo nyemba zikanyikidwa m'madzi usiku, kapena poto akavundikiridwa, zingachepe bwanji? Nao apatsidwe buku alembe.

Chotsala ndi tsiku lopatsirana udindo. M'masukulu ambiri atsogoleri atsopano amasankhidwa mu Januwale, akale atapita kale ndi zonse zimene ankadziwa. Ife tikuti komiti yatsopano isankhidwe kumayambiriro kwa temu yachitatu, kuchokera m'makalasi amene alibe mayeso aakulu chaka chimenecho. Ndipo m'sabata yoyamba ya Okutobala, m'mamawa dzuwa lisanakwiye, wapampando wotuluka ndi wolowa ayende limodzi malo onse, mlembi ali pambuyo ndi buku, makolo a m'komiti ya sukulu ndi nyakwawa akutsatira ngati mboni. Aime pa mtengo uliwonse. Wamoyo auchonge, wakufa alembe chimene chinaupha, kaya ndi moto, mbuzi, chiswe kapena ludzu. Akafika kumapeto, wotulukayo asaine, apereke buku, chingwe choyezera ndi kiyi wa mosungira makeni, kenaka apite kukawerenga za mayeso ake.